Ng'ombe zathu nazo zili ndi kwawo

Pa bucha ya mu Limbe kapena ya pa Migowi, nyama ya ng'ombe imadziwika ndi mayina awiri okha, yamafupa ndi yopanda mafupa. Wogula safunsa kuti ng'ombeyo inali ya mtundu wanji, inkadya kuti, anaiweta ndani. Ng'ombe yokulira m'madambo a kufupi ndi nyanja ya Chilwa, yodya msipu wokhawokha, imapachikidwa pamodzi ndi ina yonenepetsedwa ndi madeya m'khola, mtengo wake n'kukhala umodzimodzi. Ife tikuona kuti pamenepa mlimi wa ku Phalombe akutayapo ndalama, ndipo pang'ono ndi pang'ono dziko likutayapo mtundu wa ng'ombe zake.

Maiko ena adaikapo lamulo pa nkhani yotereyi. Lamuloli limateteza dzina la malo likakhala pa chinthu chomwe ubwino kapena mbiri yake imachokera ku malowo. Pa Chingerezi amati geographical indication. Dzinalo silikhala la munthu mmodzi kapena kampani imodzi ayi. Limakhala la alimi onse a m'deralo amene akutsatira mfundo zomwe adagwirizana, ndipo wina akaligwiritsa ntchito mwachinyengo amatengeredwa ku khothi. Maiko a ku Ulaya adayamba ndondomeko yawo mu 1992. Ku Portugal kuli Carne Mirandesa, nyama yochokera ku ng'ombe zamakolo za mtundu wa Mirandesa. Ku Japan nyama ya Kobe idalembetsedwa mu 2015, ndipo kuti itchedwe choncho ng'ombeyo iyenera kukhala ya mtundu wa Tajima, yobadwira, kukulira ndi kuphedwera m'chigawo cha Hyogo. Ng'ombe iliyonse ili ndi nambala yake moti wogula angathe kuilondola mpaka ku khola komwe idachokera.

Wina anena kuti izo ndi za anthu olemera. Tiyeni tione pafupi. Chinthu choyamba chimene dziko la Mozambique lidateteza mwa njira imeneyi ndi Cabrito de Tete, nyama ya mbuzi za m'chigawo cha Tete. Mbuzi zimenezi sizidya zakudya za m'sitolo. Zimadya udzu, masau ndi malambe, ndipo kukoma kwa nyama yake akuti kumachokera pomwepo. Ku South Africa nako, mu 2023 boma lidalembetsa dzina la Karoo Lamb, nkhosa zodya zitsamba za m'dera louma la Karoo. Ngati mbuzi yodya masau ili ndi dzina lotetezedwa ndi lamulo, ng'ombe ya pa dambo la Chilwa ikulephera pati?

Lamulo kwathu kuno lilipo. Trademarks Act ya 2018, yomwe idalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1957, imalola kulembetsa mayina a malo otere. Koma tisathamange. Lamulo limateteza mbiri yomwe ilipo kale, silipanga mbiri. Ndipo tinene zoona, Phalombe amadziwika ndi nandolo, mpendadzuwa, mpunga ndi nsomba za m'Chilwa. Munthu akatchula ng'ombe, maganizo amapita ku Chikwawa, Nsanje, Mzimba kapena Karonga. Titapita lero ku ofesi yolembetsa ndi dzina lakuti "Nyama ya ku Phalombe", funso loyamba lingakhale lakuti nyamayi ikusiyana bwanji ndi ya ku Ngabu, ndipo tingakande m'mutu. Kunena kuti "ndi yokoma" sikokwanira. Pafunika kulemba kuti ng'ombezo ndi za mtundu uti, zimadya msipu wanji m'miyezi iti, zimaphedwa zili ndi zaka zingati, ndipo malire a deralo ali pati.

Nkhani ya malireyi ndi yofunika kuiganizira bwino. Phalombe adakhala boma palokha mu 1998 atachoka ku Mulanje, koma dambo la Chilwa silidziwa zimenezo. Lidafalikira mpaka ku Zomba ndi ku Machinga, ndipo mbali ina lidalowa mu Mozambique. Ngati chomwe chikupatsa nyama ubwino ndi msipu wa m'dambomo, dzina loyenera likhale la dambolo. Kuumirira dzina la boma kungakhale kukondweretsa andale chabe, n'kusiya kunja mlimi wa ku Zomba amene ng'ombe zake zimadya udzu womwewo.

Mpunga wa Kilombero utiphunzitsepo kanthu. Amene amaulima bwino ndi alimi a ku Karonga, ndipo fungo lake tonse timalidziwa. Koma m'misika yathu thumba lililonse la mpunga woyera limatchedwa Kilombero, wina wosakaniza ndi mitundu yotsika mtengo, ndipo wogula amazindikira poto ali kale pamoto. Chinanso n'chakuti dzinalo ndi la chigwa cha ku Tanzania. Choncho mbiri adaipanga alimi a ku Karonga, phindu lake akugawana ndi aliyense wokhala ndi sikelo. Nyama ndi yovuta kuposa mpunga, chifukwa ikangodulidwa palibe angadziwe ndi maso kuti idachokera kuti.

Chomwe chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi ng'ombe yeniyeniyo. Ng'ombe yathu yamakolo, imene akatswiri amaitcha Malawi Zebu, ndi yaing'ono thupi, ya linunda, ndipo imachedwa kukula. Pa sikelo imagonja kwa Brahman, pa mkaka imagonja kwa Friesian. N'chifukwa chake mlimi aliyense akapeza mpata amafuna nkhunzi yachilendo, ndipo sitingamudzudzule popeza msika umalipira kulemera kokha. Koma ng'ombe yaing'onoyi imapirira kutentha, imalimbana ndi nkhupakupa kuposa zachilendo, imayenda mtunda wautali kufuna madzi, ndipo mu Okutobala msipu utauma imaonda koma osafa msanga. Nyanja ya Chilwa idaphwapo kangapo, kuphatikizapo mu 1995 ndi mu 2018, ndipo m'dera lotere kupirira ndi chuma. Makhalidwe amenewa akasungunuka chifukwa chosakaniza mitundu mosasamala, palibe sitolo komwe tingakawagule. Dzina lotetezedwa ndi njira imodzi yopatsa mlimi chifukwa cha ndalama chosungira mtunduwu. Kungomuuza kuti asunge chikhalidwe cha makolo pamene mwana wake wabwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi n'kumunyoza.

Tikudziwa kuti pakati pathu pali ambiri amene sadya nyama, ndipo angaone ngati nkhaniyi siikuwakhudza. Koma angati mwa ife tili pa koleji pano chifukwa kumudzi kudagulitsidwa ng'ombe? Mtengo umene vendayo adapereka tsiku limenelo ndi umene tikukambawu.

Pali chodandaula china chomveka: kodi izi sizikweza mtengo wa nyama kwa anthu wamba? Ife tikuti ayi, chifukwa nyama yokhala ndi chizindikiro siidzakhala yochuluka, ndipo msika wake ndi mahotela a mu Blantyre, malo ogona alendo okwera phiri la Mulanje ndi masitolo akuluakulu. Bucha ya pa Chiringa idzapitiriza kugulitsa monga kale. Choopsa chenicheni chili kwina. Mlimi wa ng'ombe zitatu sangakwanitse yekha zolipira zolembetsa ndi zoyendera, ndipo ngati alimi sadzakhala ndi kopaletivi yawoyawo yolimba, dzinalo lidzagwera m'manja mwa amalonda a m'tauni okhala ndi magalimoto ndi mafiriji.

Ntchito yoyambira ndi yosasangalatsa kuimva: kulemba. Ng'ombe iliyonse ikhale ndi chizindikiro pa khutu, ndipo buku la gulu lionetse mayi wake, nkhunzi yake, tsiku lobadwa, katemera ndi masiku opita ku dipi. Buku lotere limalipira ngakhale dzina lisanalembetsedwe. Mbava imavutika kugulitsa ng'ombe yodziwika, alangizi a ziweto savutika kulondola matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, ndipo pa tsoka ngati la namondwe Freddy mu Malichi 2023, amene adakokolola ziweto ku Nkhulambe ndi madera ena a Phalombe, mlimi amakhala ndi umboni wa zomwe wataya. Pafunikanso malo ophera nyama aukhondo ovomerezeka m'dera momwemo, chifukwa ng'ombe ikakwera lole yamoyo kupita ku Blantyre, dzina lake limatsala pa msewu.

Ophunzira zaulimi ndi zamalonda pakati pathu chaka chilichonse amasowa mitu ya kafukufuku. Nayi ina: makola angati ku Jenala ndi kwa Chiwalo akadali ndi Zebu yosasakaniza, ndi udzu wanji womwe ng'ombe zimadya m'dambo kuyambira Juni mpaka Novembala, ndipo ndi ndalama zingati zomwe mlimi amalandira poyerekeza ndi mtengo wa pa bucha ya mu Limbe.