Nkhondo ya ku Ukraine si Man U na Arsenal

Pa Chiwelu ndinapita kukametetsa ku barbershop ya kwathu ku Chawama. Malaiti anali atapita monga mwa masiku onse, makina anali pa kabatile, ndiye mzele unali wautali. Mudziwa kale mmene zimakhalila: anyamata asanu pa benchi, TV yozima, bola kulibe. Nkhani inayambila pa mtengo wa unga, koma mphindi khumi zisanathe tinali tafika ku Ukraine.

"Putin ni mwamuna, ba guy. Bazungu bonse bamuyopa," anatelo mnyamata wina wa jezi ya Chelsea. Mudala wina woyendetsa minibasi anamuyang'ana kuyambila kumutu mpaka kumapazi. "Iwe mwana, mwamuna wa bwanji wamene aponya mabomba pa banthu bogona?" Wachitatu ati Zelensky ni wa masewela chabe, bamutuma ba America. Mpaka ba barber anaimitsa makina pakati pa mutu wanga, uku kometa uku kosameta, kuti nawonso aponyepo yao.

Ndinaseka nao, sindinganame. Koma pobwelela kunyumba chinandikhala pamtima. Tinali kukamba za nkhondo monga tikamba za ligi: uyu timu yake, uyu timu yake, wina akagonja tiimbe mluzu. Mwina nanunso amene muwelenga muli ndi timu yanu, ndipo mavidiyo a pa TikTok amakupatsani zigoli tsiku lililonse. Sindifuna kukulandani timu. Ndifuna chabe tikhale pansi tione chimene anthu aja amenyanila, chifukwa chake nkhondoyi ikukana kutha, ndi pamene ikutigwila ife a mukomboni.

Tiyambe ndi mnyamata wa jezi ya Chelsea, kaili si zonse zimene anakamba zinali zopanda mutu. Russia imati bungwe la asilikali la NATO lakhala likusendela kufupi ndi khomo lake. Izi n'zoona. Poland, Hungary ndi Czech Republic analowa mu 1999. Estonia, Latvia ndi Lithuania, amene kale anali mbali ya Soviet Union, analowa mu 2004. Mu 2008 NATO inalengeza kuti tsiku lina Ukraine ndi Georgia adzalowanso, osachula tsiku. Ndipo maiko a azungu akayamba kutiphunzitsa za malamulo a dziko lonse, ife timakumbuka Iraq mu 2003 ndi Libya mu 2011. Timakumbukanso kuti pamene ANC inali ndi likulu lake muno mu Lusaka, mfuti ndi maphunzilo zinali kuchokela ku Moscow, osati ku London. Munthu amene anakupatsa mchele pa njala suiwala msanga.

Koma pali kanthu kamene anyamata a pa benchi amaiwala. Amene anathandiza omenyela ufulu anali Soviet Union, ndipo Ukraine inali mkati mwake. Ena mwa asilikali a ANC anaphunzila za nkhondo ku Odessa, mzinda wa ku Ukraine umene lelo ukuponyedwa mabomba. Ndiye ngati ni nkhongole ya kale, tili nayo kumbali zonse ziwili.

Manje apa ndi pamene ine ndisiyana ndi timu ya Putin. Mu 2014 Russia inatenga Crimea. Pa 24 February 2022 inalowa ndi akasinja kulunjika ku Kyiv. Mu September chaka chomwecho inalengeza kuti zigawo zinai, Donetsk, Luhansk, Zaporizhzhia ndi Kherson, zakhala za Russia, olo kuti zina sinazigwile zonse. Chimodzi mwa zifukwa zimene amapeleka n'chakuti anthu ambili kumeneko amakamba Chirasha, ndipo mbili yao ndi ya Russia ni imodzi.

Ganizilani bwino mfundo imeneyo, imwe a kum'mawa maka-maka. Achewa ali ku Katete, ali ku Mchinji ndi ku Dedza, ali ku Tete. Chaka chilichonse amakumana ku Mkaika pa Kulamba, pansi pa Kalonga Gawa Undi mmodzi. Chilankhulo chimodzi, gule mmodzi, maiko atatu. Ngati lamulo n'lakuti amene akamba chilankhulo changa malo ake ni anga, ndiye Chipata ni ya ndani? Nanga Alunda a ku Mwinilunga, amene abale ao ali ku Congo ndi ku Angola? Atsogoleli a Africa anaiona ngozi imeneyi kudala. Mu 1964 ku Cairo, bungwe la OAU linagwilizana kuti malile amene atsamunda anasiya, olo ni okhota, akhale momwemo. Sikuti anawakonda. Anadziwa kuti ukamasula mfundo imodzi thumba lonse litayika. Zambia ili ndi maneba asanu ndi atatu ndipo ilibe gulu la nkhondo loopsa. Chimene chimatiteteza ni lamulo lakuti wamphamvu sangasunthe mpanda chifukwa chakuti ni wamphamvu. Pa 2 March 2022, pamene maiko 141 anavota ku United Nations kutsutsa kulowa kwa Russia, Zambia inali pakati pao, pomwe South Africa, Zimbabwe ndi Mozambique anakhala chete. Ena anati tadzigulitsa kwa azungu. Ine ndimati tinavotela mpanda wathu.

Ndipo ngati cholinga chinali kuthamangitsa NATO, masamu sanayende. Finland, imene inakhala zaka zambili osalowa mbali, inalowa mu 2023, Sweden mu 2024. Malile a Finland ndi Russia apitilila makilomita 1,300.

Nanga mtendele uvutilanji? Mudala wa minibasi anati, "Bankhale chabe pansi bakambe, monga ku chilango cha ukwati." Kukhala pansi akhalapo, mudala. Ku Minsk mu 2014 ndi mu 2015 anasaina mapepala, mfuti sizinaleke. Ku Istanbul mu March 2022 anakamba, sizinapite patali. Mu June 2023 a Pulezidenti Hakainde Hichilema anapita limodzi ndi a Cyril Ramaphosa, a Macky Sall ndi ena ku Kyiv, m'mawa mwake ku St Petersburg. Tsiku limene anali ku Kyiv masaileni analila, mizinga inali m'mwamba. Zelensky anawauza kuti sangakambe za mtendele asilikali a Russia akali pa nthaka yake, Putin nayenso anawayalila zifukwa zake, alendo n'kubwelako. Pa 15 August 2025 Trump analandila Putin ku Alaska pa kapeti yofiila, koma kuombelana sikunaime.

Mfundo zolimba zili ziwili. Yoyamba ni malo. Russia ikugwila pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a Ukraine. Kuti muone kukula kwake, ni pafupifupi Western Province yonse, kuchokela ku Kaoma mpaka ku Shang'ombo. Moscow ifuna dziko lonse livomeleze kuti malowo ni ake, ndipo ifunanso mbali ya Donetsk imene sinailande. Kyiv ikuti malamulo ake salola mtsogoleli kupeleka nthaka, ndipo mtsogoleli amene angasaine zimenezo adzawauza chiyani azimai amene anaika ana ao m'manda poteteza mizinda yomweyo? Putin nayenso ali ndi manda ake ofunika kuwafotokoza. Nkhondo ikadya anthu ambili, kuileka kumadula kuposa tsiku loyamba, chifukwa aliyense afuna kuonetsa kwao kuti magazi sanapite pachabe.

Yachiwili ndiyo yovuta maningi: ndani adzatsimikiza kuti mawa sizidzayambanso? Apa muyenela kudziwa nkhani ya 1994. Soviet Union itagwa, Ukraine inatsala ndi mabomba ambili a nyukiliya pa nthaka yake. Ku Budapest mu December chaka chimenecho inavomela kuwapeleka, ndipo Russia, America ndi Britain analonjeza kulemekeza malile ake. Patapita zaka 20, mmodzi wa osainawo anatenga Crimea. Manje imwe, landilodi amene anakulonjezani papepala kuti sadzakuchotsani, n'kubwela usiku kuzula chitseko, akabwelanso ndi pepala lina mudzasaina chabe? Mudzafuna mboni ya ndodo. Ukraine ifuna NATO, kapena asilikali a maiko ena pa nthaka yake, kapena zida zokwanila. Russia ikuti zimenezo ndiye zimene inayambila nkhondo. Chimene chipatsa mmodzi tulo ndicho chimene chimlanda mnzake.

Ife a mu Lusaka sitifunika kuphunzitsidwa kuti pepala lokha siligwila mfuti. Mu November 1994 boma la Angola ndi UNITA anasaina pangano la mtendele muno mumzinda wathu. Mu 1998 nkhondo inabukanso, ndipo inatha mu 2002 Jonas Savimbi ataphedwa. Mu July 1999 tinalandilanso atsogoleli kudzasaina zoleka kuombelana ku Congo. Funsani madalaivala a mathilaki a pa Kasumbalesa ngati kum'mawa kwa Congo kuli bata lelo.

Sikuti zonse zalepheleka. Mu July 2022 Turkey ndi United Nations anagwilizanitsa mbali ziwilizi kuti sitima za tiligu zizituluka pa Black Sea, ndipo zinayenda kwa chaka chimodzi Russia isanatulukemo. Akaidi a nkhondo amasinthanitsidwa kawili-kawili. Mu May 2025 anasinthana anthu 1,000 mbali iliyonse. Adani angagwilizane pa kanthu kakang'ono ngati onse apezapo phindu. Maganizo anga, ndipo ni anga chabe, n'akuti nkhondoyi sidzatha ndi wina kunyamula kapu. Idzafanana ndi ya ku Korea, kumene mu 1953 analeka kuombelana pa mzele umene asilikali anaima, osasaina pangano la mtendele mpaka lelo. Palibe adzavine. A timu ya Ukraine adzati chilungamo sichinachitike, ndipo adzakhala akunena zoona. A timu ya Russia adzafunika kufotokoza chifukwa chake nkhondo imene ambili anaganiza kuti ni ya masiku ochepa yadya zaka.

Mwina mukuti, ba kolamu, zonsezi zitikhudza bwanji ife a pamela ndi kapenta? Russia ni mmodzi mwa ogulitsa feteleza akulu-akulu padziko, Ukraine ndiye anali patsogolo pa mafuta a mpendadzuwa. Mu 2022 mitengo ya feteleza, tiligu, saladi ndi mafuta a galimoto inakwela padziko lonse, ndipo amai a pa Soweto Market anaimva asanaone mapu a Ukraine. Koma tisanamizane, si zonse za Putin. Sabuside ya mafuta inachotsedwa muno mu December 2021, nkhondo isanayambe, ndipo chilala cha 2024 sichinachokele ku Moscow. Wandale akakuuzani kuti zonse ni Ukraine, mufunseni za Kariba.

Koma chimene chinandipangitsa kulemba si mtengo wa saladi. Mukumbuka mwana wathu uja wa zaka 23 amene anapita ku Moscow kukaphunzila za nyukiliya? Anamangidwa, anali m'ndende, gulu la Wagner linamutenga m'ndendemo ndi lonjezo la ufulu, ndipo mu September 2022 anafela ku Ukraine. Thupi lake linafika pa eyapoti ya Kenneth Kaunda mu December. Nkhondo imene timaiseka pa benchi inaika maliro m'nyumba ya Chizambia.

Ndipo sizinathele pa iye. Mu 2024 atolankhani a Associated Press anapeza atsikana a ku Africa pafupifupi 200 ku Alabuga, m'chigawo cha Tatarstan, amene anaitanidwa pa intaneti ndi lonjezo la sukulu ndi nchito, koma anapezeka akumanga madroni a nkhondo m'fakitale imene Ukraine inaiponyelapo kale mabomba. Mu November 2025 boma la South Africa linati amuna 17 a kwao anapempha thandizo ali ku Donbas, atanyengedwa ndi nkhani ya nchito ya malipilo abwino. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndidziwa mmene zilili. Uli ndi satifiketi ya Grade 12 kapena dipuloma, zaka zitatu ukugulitsa talk time, ndiye pa WhatsApp pabwela uthenga: tikiti yaulele, malo ogona aulele, malipilo m'madola. Sindikuti nchito iliyonse ya kunja ni msampha. Koma ngati kontilakiti yalembedwa m'chilankhulo chimene simuwelenga, musasaine mpaka munthu wanu, osati wa ejenti, akuwelengeleni. Funsani dzina la kampani ndi tauni imene mukakhale, muione pa mapu. Pitani ku unduna woona za maiko akunja mukafunse ngati akuidziwa pulogalamuyo. Akakuuzani kuti pasipoti adzakusungilani mukafika, kapena kuti musauze makolo mpaka mutakwela ndeke, bwezani foni m'thumba.

Ba barber anamaliza mutu wanga malaiti atabwela. Polipila ndinamva mnyamata wa jezi ya Chelsea akuuza mnzake kuti msuweni wake wa ku Kanyama ali kale ndi fomu ya ku Russia, ayembekeza chabe pasipoti ituluke. Ndinamufunsa kuti nchito yake ni yotani. Anati sadziwa bwino, koma bakamba ati ni ya security.