MWAMBI WA MBUZI UKUTIPHERA ANA ATHU A AKAUNTI

Anzanga akunyanja, kuyambira ku Makanjira, Monkey Bay, Senga Bay mpaka ku Nkhotakota, pepani uthengawu ndi wautali. Wa bandulo yochepa asade nkhawa, mulibe vidiyo muno, ndi mawu okhaokha. Koma muwerenge mpaka kumapeto musananditukwane.

Pali mwambi umodzi umene ndikufuna tiuike m'manda: mbuzi imadya pomwe aimangirira. Mwambi umenewu timaunena tikuseka, koma ndi umene ukutiphera ana athu amene aphunzira ntchito yowerengera ndalama.

Masiku ano m'magulu mwathu muli chizolowezi choseka anzathu amene anamaliza za akaunti nkukapezeka akugwira ntchito kumidzi ya Lilongwe, uko ku Nsaru, Kabudula, Nambuma, Mpingu ndi Namitete. Wina akulemba mabuku a kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza. Wina ndi kalaliki wa ndalama pasukulu ya mishoni. Wina amatumidwa ndi kampani ya maodita kukawerenga matumba a feteleza mosungira katundu. Ndiye inu mumati, digiri yonse ija mpaka kukakwera kabaza pafumbi la ku Nsaru? Mumati munthu amagwira mamiliyoni tsiku ndi tsiku koma pa Khirisimasi akubwera pa minibasi, ameneyo ndi wogona. Ena mpaka kumulembera ku inibokosi: aise changamuka, mbuzi imadya pomwe aimangirira.

Ndikufunseni, mukamati achangamuke mukutanthauza chiyani? Tisazembe. Mukutanthauza kuti abe. Basi.

Choyamba tidziwe kaye mmene ntchitoyi imayambira, chifukwa ambiri timangoona taye. Munthu akamaliza digiri ya akaunti ku MUBAS, ija tinkati Poly, kapena ku Malawi College of Accountancy, kapena kuyunivesite ina iliyonse, sanafike. Digiri ndi chiphaso cholowera pakhomo chabe. Kuti atchedwe chartered accountant amayenera kulemba mayeso ena a ICAM, bungwe la akauntanti kuno kwathu lomwe likugwira ntchito pansi pa lamulo la chaka cha 2013, kapena a ACCA, bungwe la ku Britain. ACCA ili ndi mapepala 13. Wa digiri amamuchotsera ena, koma otsalawo ndi aja olimba. Pamwamba pa mayeso, ACCA imafuna miyezi 36 ya ntchito yeniyeni, yosainidwa ndi akauntanti wovomerezeka amene amamuyang'anira. Zaka zitatu zathunthu. Ndipo malipiro a mayeso a ACCA amawerengedwa m'mapaundi. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ife tinalira mtengo wa mafuta ndi masipeya a injini, iwo analira mtengo wa pepala limodzi la mayeso.

Nanga pa zaka zitatuzo amachita chiyani? Akalowa kampani ya maodita amayamba pansi penipeni. Amamupatsa mulu wa mavocha kuti aone ngati ndalama iliyonse yotuluka ili ndi lisiti, ndipo ngati amene anasaina anali ndi mphamvu yosaina. Amafananitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya kubanki mpaka zigwirizane. Pa 31 Disembala, inu mukuvina kugombe, iye ali mosungira katundu kuwerenga matumba limodzilimodzi, chifukwa makampani ambiri amatseka chaka tsiku limenelo. Kuyambira Januwale mpaka Malichi amaweruka usiku, nkukawerenga za mayeso ali ndi tulo. Malipiro ake lendi, chakudya, thiransipoti ndi mayeso, yatha. Ndipo pa nthawi yonseyi sangasaine lipoti la oditi ngakhale limodzi. Osaina ndi amene ali ndi chiphaso chochitira ntchitoyo.

Kwa ife akunyanja zimenezi si zachilendo. Palibe amene amafika pagombe lero nkukhala siginala mawa. Umayamba ndi kukapa madzi m'boti, kukoka chingwe, kukhala mlovi zaka ndithu, kenako akuluakulu nkukudalira kuti utsogolere nyali. Ine amene ndimakonza injini za maboti ndinatha nthawi yaitali ndikungotsuka mapulagi ndi kupatsira masipanala ndisanaloledwe kutsegula kabuleta ya munthu. Bwanji mwana wa akaunti tikufuna agule galimoto chaka choyamba?

Tsopano za mbuzi ija. Mu 2013 tinaona zimene zimachitika mbuzi zikadya pomwe zamangiriridwa. Mu Seputembala chaka chimenecho a Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti ku Unduna wa Zachuma, anawomberedwa ku Lilongwe, ndipo nkhani ya Cashgate inaphulika. Kampani ya maodita ya ku Britain, Baker Tilly, itafufuza inapeza kuti ndalama pafupifupi K24 biliyoni zinatuluka m'boma pa miyezi 6 yokha, zina mwa izo kulipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse. Ndalama zimenezo sizinatuluke ndi mfuti kapena chikwanje. Zinatuluka pakompyuta ndi pa cheke, kudzera m'manja mwa anthu odziwa akaunti. Mwa oyamba kugwidwa munali kalaliki wamng'ono wa ndalama amene anapezeka ndi mitolo ya makwacha, ndipo anakalowa kundende. Mayiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo la bajeti. Amene anamva kuwawa ndani? Mayi wa ku Kabudula amene anafika pachipatala nkuuzidwa kuti mankhwala kulibe. Mayi wa ku Makanjira chimodzimodzi.

Ndipo sitinaphunzire. Mu 2021 ofesi ya Auditor General inaunika K6.2 biliyoni ya Covid-19 nkupeza kuti gawo lina la ndalamazo linayenda mosalongosoka, zina kumangogawana ngati maalawansi, anthu akusowa mpweya m'zipatala. Tonse tinakwiya, tinalemba pa Facebook kuti akuba amangidwe. Koma ife omwewo madzulo ake tikuimbira mphwathu wa akaunti kuti achangamuke. Mbava ya ku Capital Hill timaitukwana, mbava ya pabanja pathu timaitcha mdalitso. Zimenezi ndi zachinyengo, abale anga.

Ndikudziwa zimene muyankhe, ndipo sindikuzipeputsa.

Muti: bambo anagulitsa ukonde, mayi anagulitsa usipa wa pathandala kuti mwanayu aphunzire, ndiye tidikirenso zaka zitatu? Zoona, zimawawa. Koma bambo sanagulitse ukonde kuti mwana akagone ku Maula. Munthu wa akaunti akagwidwa kamodzi kokha, zatha. Bungwe lake limamuchotsa m'kaundula, ndipo palibe amene angamupatsenso makiyi a sefa ngakhale ya golosale. Ine ndikalakwitsa injini imodzi ndimapepesa, ndimabweza, mawa ndimapeza kasitomala wina. Iye katundu wake yense ndi dzina ndi siginecha. Mukamukakamiza kuti atapeko pang'ono za maliro, pang'ono za fizi ya mng'ono wake, mukuotcha boti kuti muwotche nsomba imodzi.

Muti: akuluakulu akuba ndipo akuyenda mfulu, bwanji wamng'ono azivutika ndi chilungamo? Yang'anani bwino amene amayamba kugwidwa. Bwana amalamula pakamwa, salemba. Dzina limene limatsala papepala ndi la amene anakonza vocha, ndi la amene analowetsa mu kompyuta. Tsiku la mlandu bwana ali ndi maloya atatu, mwana wa msodzi ali ndi mayi ake okha atakhala pabenchi la khoti ndi kamtolo ka nsima. Ukonde umagwira usipa, ng'ona imaung'amba nkupita. Ndiye inu mukutuma usipa kuti ukachite zimene imachita ng'ona?

Muti: ntchito zabwino zimafuna kudziwana, mwana wa kunyanja alibe amalume ku City Centre. Penapake nzoona. Koma mayeso a ICAM ndi ACCA safunsa kuti bambo ako ndani. Ndi imodzi mwa ntchito zochepa m'dziko muno zimene mwana wosauka angakwere ndi mutu wake. Ngakhale amene sanapite kuyunivesite khomo lilipo: ndi MSCE yabwino, makamaka Masamu ndi Chingerezi, munthu amayamba setifiketi ya ICAM, nkupita pa dipuloma ya Technician, nkumakwera pang'onopang'ono akugwira ntchito.

Tsopano za kuseka Nsaru ndi Namitete. Amene mumaseka simunaonepo ndalama zimene zimayenda kumeneko nthawi yokolola. Dera limenelo ndi la fodya wopita ku okushoni ku Kanengo, la soya, mtedza ndi chimanga. Alimi amasonkha matumba m'makopaletivi ndi m'makalabu, amatenga ngongole ya feteleza pagulu, amayi ali ndi mabanki mkhonde. Ndipo chimene chimapha magulu amenewa kawirikawiri si chilala. Ndi buku. Msungichuma walemba pakapepala, kapepala kasowa, wapampando akuti sakudziwa, anthu amene anali abale asiya kulankhulana. Malamulo a makopaletivi amafuna kuti mabuku aziunikidwa chaka ndi chaka, koma odita aunika chiyani ngati palibe amene analemba bwino chaka chonse? Mwana amene wakhala pansi ku Nsaru nkulemba kuti mlimi uyu anabweretsa makilogalamu akuti, anadulidwa ngongole yakuti, atenga zakuti, akugwira ntchito yaikulu kuposa amene akungozungulira pampando mu ofesi ya galasi.

Ndipo musaganize kuti za ku Lilongwe sizikutikhudza. Usipa wathu wouma umakathera m'misika yomweyo ya Mpingu, Namitete ndi Nsaru. Ndi kangati wogula watenga nsomba pangongole, nkubwera patatha milungu iwiri akuti msika unagwa, ndipo palibe cholembedwa chilichonse? Ndi kangati alovi akoka chilimira usiku wonse, m'mawa mwini zida nkunena pakamwa kuti mafuta anadya zakuti, nyali zakuti, yotsala ndi iyi, ndipo palibe amene angatsutse? Ndalama za komiti ya pagombe zimalembedwa kuti? Ife ndi anthu amene timaberedwa ndi masamu a pakamwa tsiku lililonse. Ndife oyamba amene tikanayenera kulemekeza munthu wolemba zoona. M'malo mwake tikumuphunzitsa kuti akhale ngati amene amatiberawo.

Kwa inu achimwene ndi achemwali amene mwamaliza kumene za akaunti, ine si mphunzitsi wanu, koma imvani izi. Musakhale pakhomo zaka ziwiri kudikira kampani yaikulu ya ku Blantyre. Lembani makalata kumeneko, inde, koma pomwe mukudikira gwirani buku lililonse limene lapezeka, kaya ndi la kopaletivi ku Nambuma, kaya la sukulu, kaya la chigayo. Koma funsani msanga funso limodzi: pano pali akauntanti wovomerezeka amene angandisainire miyezi yanga? Ngati palibe, funsani kubungwe lanu mmene mungapezere wokuyang'anirani, kuti zaka zisapite pachabe. Mayeso musawaimitse, ngakhale pepala limodzi pa nthawi. Musasaine chinthu chimene simunachione ndi maso anu. Bwana akakuuzani pakamwa kuti ingolipirani malisiti abwera, muuzeni mwaulemu kuti alembe. Pasiwedi yanu ya kompyuta musabwereke munthu, ngakhale amene mumadya naye nsima. Ndipo kasitomala amene mukumuunika akakupatsani envulopu ya thiransipoti, dziwani kuti sakugula mafuta, akugula maso anu.

Achibale akakuimbirani, auzeni malipiro anu enieni. Manyazi onena kuti ndilibe ndi amene alowetsa ambiri m'mavuto. Tumizani zimene mungathe kuchokera m'thumba lanu, zochepa zomwezo. Za mu sefa si zanu, ngakhale mutati mubweza pa 30.

Kwa ife otsala, amalume, azakhali, anzake a kusukulu, tisiye kuyeza mwana ndi galimoto. Akabwera kumudzi, m'malo momufunsa kuti watibweretsera chiyani, timufunse kuti watsala ndi mapepala angati. Timupatse kope la komiti ya pagombe atiwonere. Timupemphe atiphunzitse kulemba ngongole za nsomba kuti wogula asamatipusitse. Akapirira zaka zimenezi nkupeza zilembo zake, ntchito imamufuna yekha, kubanki, kumakampani, kumabungwe, ngakhale kunja kwa dziko, ndipo thandizo limene adzatumize lidzakhala lopanda apolisi kumbuyo kwake.

Mbuzi imadya pomwe aimangirira, inde. Koma tonse tikudziwa chifukwa chimene mwini wake amaisiyira kuti inenepe, ndi kumene imathera pa Khirisimasi. Mwana wa munthu si mbuzi.

Amene mwakwiya ndiyankheni pagulu pompano, osati kumbali. Amene muli ndi m'bale amene akuwerenga za akaunti, mutumizireni, ndipo mutumizirenso amalume ake.