Index ndiyo yasunga magalimoto a anthu wamba pa mpikisano wa drag

Pa mabwalo a mpikisano wa drag ku America si zachilendo kuona galimoto yakalekale ya banja itaima pambali pa Chevrolet Camaro yatsopano. Nyali zikayaka, yakaleyo imanyamuka yokha, inzakeyo ili chiimire kwa masekondi atatu kapena anayi. Kenako nayo imati fwaa kuithamangira, ndipo pomafika pa mzere womaliza, mamita 402 kuchokera poyambira, ziwirizo zimakhala zili khosi ndi khosi. Ena amati kumeneku n'kuwononga mpikisano. Komatu dongosolo limeneli ndi limene lachititsa kuti munthu wa m'thumba mochepa akhalebe ndi malo pa masewerawa.

Wally Parks anayambitsa bungwe la NHRA mu 1951 pofuna kuchotsa achinyamata m'misewu momwe ankathamangitsana mwachisawawa. Mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Great Bend, m'chigawo cha Kansas, mu 1955. Ambiri m'zaka zimenezo ankapikisana pa galimoto yomweyo imene ankapita nayo kuntchito Lolemba. Monga amachitira pa nkhonya, akuluakulu anagawa opikisana m'magulu: kulemera kwa galimoto ankakugawa ndi horsepower ya injini yake, yankho lake n'kuonetsa gulu. Zamphamvu zinkalowa m'gulu A, zofooka n'kumatsika ndi zilembo.

Mutu unayamba kuwawa pofuna kupeza katswiri mmodzi mwa opambana m'magulu onsewo. Poyamba galimoto yofooka ankaiimika patsogolo pang'ono, woyambitsa mpikisano n'kukupiza mbendera. Mu 1963 kunabwera nyali zosanjikizana zotchedwa Christmas Tree, ndipo zinatheka kuchedwetsa nyali ya mbali imodzi ndi nthawi yoyezedwa bwino. Kuchedwako ankakuwerengera potengera rekodi ya gulu lililonse.

Njira ya rekodiyi inali ndi chilema. Munthu mmodzi akathamanga modabwitsa tsiku lozizira bwino n'kutsitsa rekodi, onse a m'gulu lake ankalowa m'mavuto, chifukwa mpata umene ankapatsidwa poyambira unkachepa. Madalaivala anaphunzira kubisa mphamvu, kumaponda mabuleki kuti rekodi isakhudzidwe. M'zaka za m'ma 1970 NHRA inasintha n'kuyamba kugwiritsa ntchito index, nthawi imene bungwelo limaikira lokha gulu lililonse, yosadalira mwayi wa munthu mmodzi.

Makampani opanga magalimoto nawo anali ndi ukathyali wawo. Mu 1968 Ford inatulutsa Mustang ya injini ya 428 Cobra Jet n'kulengeza kuti ili ndi horsepower 335, nambala imene odziwa injini ankaona kuti ndi yochepetsa dala. Nambala yotsika inkaika galimotoyo m'gulu losavuta, ndipo Al Joniec anapambana nayo m'gulu la Super Stock pa mpikisano wa Winternationals ku Pomona chaka chomwecho. Zoterezi ndi zimene zimachititsa NHRA kusadalira zolemba za kampani: imaika yokha nambala ya injini iliyonse, ndipo ikaona kuti injini ina ikuthamanga mopitirira kwambiri index, imakweza nambala yake ya horsepower.

Masiku ano dalaivala wa m'magulu a Stock kapena Super Stock amalemba pa galasi la galimoto, ndi polishi yoyera, nthawi imene akuti athamange. Nthawiyo siyenera kukhala yochedwa kuposa index ya gulu lake. Kusiyana kwa nambala za magalimoto awiriwo ndiko kumanena woyamba kunyamuka. Wothamanga mwachangu kuposa nambala imene analemba waluza, ngakhale afike poyamba. Onse akapitirira, wopitirira pang'ono ndiye wapambana. Wonyamuka nyali yobiriwira isanayake imamuyakira yofiira, basi kwake kwatha. Choncho dalaivala amayang'ana kutentha ndi chinyezi cha mpweya asanalembe nambala, ndipo akamayandikira mzere amakhala akucheukira mnzake, phazi lili tcheru pa buleki.

Buleki imeneyi ndiyo imakwiyitsa otsutsa. Amafunsa kuti ndi mpikisano wanji wa liwiro umene munthu amapambana pochepetsa liwiro. Dandaulo lawo n'lomveka, koma ofuna liwiro lokhalokha ali nako kopita. M'gulu la Pro Stock, limene linayamba mu 1970, magalimoto amanyamukira limodzi, ndipo kumeneko ndalama zimene zimafunika n'zoti makaniko wa galaja yaing'ono sangazikwanitse. Ngakhale mu Stock momwemo, magalimoto a gulu limodzi akakumana amanyamuka nthawi imodzi popanda malire a liwiro, ndipo mndandanda wa olowa mpikisano umatengera amene watsika kwambiri pansi pa index. Luso la makaniko likadali ndi mphotho yake. Ma Dodge Dart ndi Plymouth Barracuda a injini ya Hemi a mu 1968 mpaka pano amalimbana okhaokha mwanjira imeneyi ku Indianapolis.

Chimene okonda masewerawa ayenera kulimbikira ndi choti nambala za horsepower zizikhala zoona. Kuchokera pamene Ford inabweretsanso Cobra Jet mu 2008, Dodge n'kutulutsa Challenger Drag Pak ndipo Chevrolet n'kubwera ndi COPO Camaro mu 2012, magalimoto opangidwira mpikisano kufakitale akhala akukumana ndi akale omangidwa kunyumba. Injini yatsopano ikapatsidwa nambala yotsika, mwini galimoto yakale ya m'gulu lomwelo amakhala ataluza asanatsike pa ngolo. N'chifukwa chake NHRA iyenera kumafulumira kukonza nambala za horsepower, kumapima magalimoto pa sikelo mosakondera, ndi kupitiriza kumasula injini za opambana kuti oyendera aone ngati zitsulo za m'katimo zikugwirizana ndi malamulo a gulu lake.