Mawatsi 5000 a pa katoni ndi bodza

Anzanga, tisiye kugula ampulifaya poyang'ana nambala yaikulu. Mukaona katoni yalembedwa 5000W PMPO, dziwani kuti akukuyesani zitsiru. PMPO ilibe muyezo umodzi wogwirizana, kampani iliyonse imalemba zake. Funsani RMS, mphamvu imene ampuyo imatulutsa mosalekeza. Kenako itembenuzeni muwerenge kumbuyo. Kanthu kokoka 60W kumagetsi kangatulutse bwanji 5000?

Mwina mukuti mawatsi ambiri ndiye mkokomo wambiri. Si kwenikweni. Kuchoka pa 50W kufika pa 100W mwangowonjezera 3 dB, khutu limamva kusiyana pang'ono chabe. Koma ma ohm mukawanyozera mulira: masipika a 4 ohm pa ampu yofuna 8 amaitenthetsa, mpaka izime kapena ipse.

Nanga resiva ya 5.1? Kachipinda ka lendi, bedi apa, mbaula apo, masipika asanu ndi sabuwufa muziika pati? Ngati nkhani ndi nyimbo, ampu ya stereo ndi masipika awiri abwino zakwana. Ngati ndi mafilimu, onetsetsani kuti ili ndi HDMI ARC yolumikizira TV. Malipiro a mwezi wonse asathere pa timagetsi tothwanimathwanima.