Chigamba chili ndi mwini wake

Pali mawu a Chingerezi amene ndimachita nawo ukali ndikawapeza m'zolemba zimene andipatsa kuti ndimasulire, ndipo amodzi mwa iwo ndi hobby. Sikuti ndi ovuta. Ena amati "zochita pa nthawi yopuma", ena amati "zotayitsa nthawi", ndipo nkhani imayenda. Chimene chimandivuta n'chakuti mawuwa akamatidwa pa ntchito ya singano ndi ulusi amanama. M'magazini ndi m'mabuku ochokera ku Ulaya ndi ku America, kupeta nsalu, kuluka madoyilo ndi kulumikiza zigamba zimaikidwa mumtanga umodzi ndi kutolera masitampa. Ine ndikukana. Mayi amene watha milungu itatu akupeta maluwa pansalu ya patebulo wagwira ntchito, wapanga chinthu chimene kunalibe, ndipo chinthucho chili ndi mwini wake, dzina lake ndi mtengo wake. Mawu aja amafufuta zitatu zonsezi nthawi imodzi.

Tiyambire kwawo kwa mawuwo. Mu 1876 mumzinda wa Philadelphia munachitika chionetsero chachikulu chokumbukira kuti dziko la America latha zaka 100 likudzilamulira. Mwa zinthu zimene zinatenga anthu mtima munali za ku Japan: nsalu zopeta, komanso mbale zadothi zimene kunja kwake kunali timing'alu tosalongosoka ngati dothi la padambo mu Okutobala. Ambiri olemba mbiri ya zosokasoka amati apa ndi pamene panayakira moto wa nsalu imene imatchedwa crazy quilt. Womva dzinali amaganiza za misala, koma mawu omwewo m'Chingerezi amanenanso za kung'aluka kwa mbale kuja. Pofika zaka za m'ma 1880, mayi aliyense wa pabanja lopeza bwino ankafuna kukhala nayo yake.

Kapangidwe kake kanali kotere. Ankatenga zidutswa za silika, veleveti ndi maliboni, zodulidwa mosafanana, n'kuzisokerera pansalu ina yapansi mpaka yonse itaphimbika. Kenako m'malire mwa chidutswa chilichonse ankapetamo ndi ulusi wowala, pena msoko wonga nthenga, pena wonga minga ya nsomba, ndipo pakati pa zidutswa ankaikapo maluwa, mbalame, kangaude ali pa ukonde wake, zilembo zoyamba za maina a abale, ngakhale chaka. Ndaona zithunzi zake zambiri ndipo sindingabise, zina n'zokongola zedi. Koma taonani izi. Nthawi zambiri pakati pake sankaikapo thonje, chifukwa sinali nsalu yofunda. Sinkachapidwa. Inkayalidwa pampando kapena pa piyano m'chipinda cha alendo kuti wobwera aone kuti mayi wa nyumba ino ali ndi silika wotaya komanso nthawi yotaya. Ndipo amene analibe zidutswa zokwanira ankaziitanitsa pa positi, popeza makampani a silika anayamba kugulitsa zidutswa m'mapaketi. Kugula zigamba ndi ndalama! Chimene wosauka ankachita nacho manyazi pa bondo la buluku, wolemera anachisandutsa masewera a pabalaza. Silika wambiri wa nthawi imeneyo ankamuviika m'mankhwala a zitsulo kuti azilemera pa sikelo, ndiye lero zambiri mwa nsaluzi zikuyoyoka zokha m'madirowa a nyumba zosungiramo zinthu zakale. Koma imeneyo ndi nkhani ina.

M'zaka zomwezo, ku Georgia, kumwera kwa dziko lomwelo, kunali mayi wina wachikuda dzina lake Harriet Powers, wobadwa mu 1837 ali kapolo. Iyeyu zigamba zake zinali za thonje wamba. Mu 1886 anapita ndi nsalu yake ku chionetsero cha zaulimi mumzinda wa Athens. Inali ndi zigawo 11, chilichonse chikufotokoza nkhani ya m'Baibulo: Adamu ndi Hava, Kaini ndi Abele, makwerero a Yakobo, mgonero wa Ambuye. Mphunzitsi wina wachizungu wa zojambulajambula, Jennie Smith, ataiona anafuna kuigula. Powers anakana. Patapita zaka zingapo umphawi unafika pakhosi, ndipo anainyamula yekha kukaipereka. Anatchula madola 10. Smith anati ali ndi 5 basi, ndipo malonda anathera pamenepo. Asanachoke, Powers anafotokoza tanthauzo la chigawo chilichonse, Smith n'kulemba. Nsaluyo lero ili ku Smithsonian mumzinda wa Washington.

Ikani amayi awiriwa pamkeka umodzi, wa silika uja ndi wa thonje uyu. Woyamba anauzidwa kuti akusewera. Wachiwiri anauzidwa kuti ntchito yake ndi ya madola 5. Palibe amene anauzidwa kuti ndi mmisiri, ngakhale onse awiri ankasankha mitundu, kuyeza malo, kumasula msoko ukapotoka ndi kuyambiranso, monga achitira aliyense amene timamulemekeza ndi dzina la katswiri wojambula. Dzina la Powers tikulidziwa chifukwa iye mwini anaumirira kulankhula, ndipo wogulayo anali ndi cholembera. Anzake a m'dera lina lotchedwa Gee's Bend ku Alabama anasoka zofunda kuchokera ku mabuluku akutha a kumunda kwa mibadwo ingapo popanda wowafunsa maina. Mu 2002 nsalu zawo zitapachikidwa pakhoma ku Houston, kenako ku Whitney Museum ku New York, zinasanduka luso lapamwamba, ndipo mu 2006 zinafika mpaka pa masitampa a dzikolo. Msoko unali womwe uja. Chimene chinasintha ndi khoma.

Wina anena kuti izi n'za ku America, zikutikhudza bwanji? Lowani m'nyumba iliyonse ku Ndirande, ku Chawama kapena ku Mbare, muyang'ane pamsana pa mipando. Muona nsalu zopetedwa maluwa, zoluka zovundikira jagi ya madzi zokhala ndi mikanda m'mphepete, mapilo olembedwa ndi ulusi mawu a moni kapena vesi. Kuseri kwa sitolo, telala akaweruka, pansi pa makina pamatsala zidutswa za zitenje, ndipo pali amayi amene amazitola n'kuzilumikiza kukhala chofunda cha mwana, chikwama, kapena chopondera pakhomo. Crazy quilt yeniyeni, yosagula zidutswa pa positi. Ambiri a iwo anaphunzira singano kwa amayi awo, ena kusukulu m'masiku amene atsikana ankapatulidwa kukaphunzira zosokasoka, ena ku Mvano, ku Chigwirizano kapena ku Dorika. Amishoni ndi aphunzitsi aja cholinga chawo chinali kupanga mkazi wosamala pakhomo, wofatsa, wa manja osakhala chabe. Amayiwo anatenga singano ija n'kuchita nayo zawo. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, amayi ambiri a ku Zimbabwe ankawoloka malire pa Beitbridge atasenza zikwama za madoyilo kukagulitsa ku South Africa, ndipo ana ambiri amene lero ali m'maofesi fizi yawo inachokera m'zikwama zimenezo. Kodi kumeneko ndiye kutayitsa nthawi?

Koma ife tomwe, ana a amayiwa, timatani? Tikaphunzira pang'ono n'kugula sofa, chinthu choyamba kuchotsa ndi nsalu zopeta zija, ati n'zachikale. M'malo mwake timayala za pulasitiki zochokera ku fakitale. Tikakumana ndi mayi wogulitsa nsalu ya patebulo timanenerera mtengo mpaka atagwetsa nkhope, ife amene sitinanenerereko mtengo wa mowa pa bala. Mwana akavala chovala cha chigamba timati makolo ake alephera, n'kuthamangira ku kaunjika kukagula jinzi yong'ambidwa dala m'mabondo ndi makina. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa nkhani iyi mwambiwu tausandutsa ulesi: timadikira mzungu kuti adzatole nsalu ya agogo athu, aipachike pakhoma loyera, atiuze kuti ndi yokongola, ndiye ifenso tiyambe kuwomba m'manja. Zinachitikapo kale ndi nsalu za Akuba a ku Kasai m'dziko la Congo, zimene amuna amaluka ndi ulusi wa chiwale ndipo akazi amazipeta. Wojambula wotchuka wa ku France, Henri Matisse, anali nazo m'nyumba mwake n'kumaziyang'ana. Dzina la Matisse lili m'buku lililonse la mbiri ya zojambula. Amayi amene anapeta nsaluzo amangotchedwa ndi dzina la mtundu wawo.

Pali bodza lachiwiri, ndipo limeneli ndi lathu la kuno, lovala tayi ndi kuyenda pa galimoto ya bungwe. Singano ikakhala m'manja mwa mayi wosauka, siitchedwanso masewera. Imatchedwa pulojekiti. Ndamasulirapo timapepala tambiri ta mabungwe otere, ndipo chilankhulo chake n'chimodzi: "amayi ovutika", "opindula", "kudzidalira pachuma". Pa kakhadi komangirira ku nsalu pamakhala chizindikiro cha bungwe, dzina la dziko lopereka thandizo, nthawi zina chithunzi cha manja opanda nkhope. Wogula ku London amauzidwa kuti akagula athandiza mayi wina kudyetsa ana. Sauzidwa kuti agule chifukwa nsaluyo ndi yabwino. Chifundo chotere chimatsitsa mtengo, pakuti munthu wopempha satchula mtengo, amalandira chimene wapatsidwa. Chimalamulanso zoti zipetedwe: njovu, mayi wosenza mtsuko, dzuwa likulowa kuseri kwa mlambe, chifukwa n'zimene alendo amagula. Mayi amene akufuna kupeta mzere wa pa chigayo, maliro a mwana wake kapena nkhope ya phungu amene sanabwerenso chisankho chitatha, amauzidwa kuti zimenezo sizingayende malonda.

Chonsecho singano imatha kunyamula nkhani zolemera ikapatsidwa mpata. Ku Chile, asilikali a Pinochet atalanda boma mu 1973, amayi amene amuna ndi ana awo anasowetsedwa anayamba kusoka zithunzi za zigamba pa masaka, zotchedwa arpilleras, zoonetsa anthu akugwidwa ndi mabanja akufunsa kumene kuli abale awo. Ena ankagwiritsa ntchito zidutswa za zovala za osowawo. Iwowa ambiri sankalemba maina, ndipo chifukwa chake n'chomveka: dzina likanawaphetsa. Kuno kwathu kum'mwera, m'mudzi wa Hamburg ku Eastern Cape, amayi oposa 100 anamaliza mu 2004 nsalu yopeta yotalika mamita 120, Keiskamma Tapestry, yofotokoza mbiri ya dera lawo, kuphatikizapo nkhondo za Amaxhosa ndi atsamunda, kuphedwa kwa ng'ombe m'masiku a Nongqawuse, mpaka chisankho cha 1994. Anatengera chitsanzo pa nsalu ya ku Bayeux yonena za nkhondo ya mu 1066, imene ndi yotalika pafupifupi mamita 70 ndipo amene anaipeta sadziwika ngakhale mmodzi. Nsalu ya ku Hamburg inakapachikidwa m'nyumba ya malamulo ku Cape Town, ndipo inapulumuka moto wa mu Januwale 2022. Nayonso inayamba ngati ntchito yothandiza osauka, inde. Kusiyana kwake n'kwakuti amayiwo anapatsidwa mbiri yawo kuti aifotokoze, osati njovu. Mu 2005 anapetanso nsalu yaikulu ya kuguwa yonena za Edzi, ndi agogo olera ana amasiye ali pamalo pamene pamakhala oyera mtima.

Ndikudziwa chimene ena mwa amayi opetawo angandiyankhe. Anganene kuti, "Mwanawe, ife timapeta chifukwa timakonda, mtima umakhala pansi, za maina ndi mitengo n'zako." Zoona, ndipo ufulu umenewo ndikuufuna kwa mayi wa kumudzi monga momwe mayi wa silika uja analili nawo. Si chilichonse chimene wosauka wagwira chiyenera kusanduka bizinesi kuti chiloledwe. Mayi amene wachoka kumunda, waphika, wasambitsa ana, n'kukhala pakhonde ola limodzi kupeta mbalame imene sadzagulitsa kwa aliyense, asafunsidwe kuti phindu lake n'chiyani. Koma kukonda ntchito sikuichotsera ulemu wake. Woimba gitala amakonda gitala, wosewera mpira amakonda mpira, ndipo palibe amene amati pachifukwa chimenecho maina awo asatchulidwe pa wailesi kapena alandire theka la mtengo. Mfundo imeneyi timaikumbukira pa akazi okha.

Ndipo ndi yakale. Werengani buku la Eksodo pamene akumanga chihema. Mmisiri wopeta nsalu akutchulidwa dzina, Oholiabu, pamodzi ndi dzina la bambo ake ndi fuko lake. Amayi aluso amene anapota ulusi wonse umene iye anagwiritsa ntchito angotchulidwa monga gulu. Dorika wa ku Yopa yekha ndiye anachita mwayi, ndipo naye zinatengera kuti amwalire kaye, amayi amasiye aimirire akulira, atanyamula malaya amene anasoka kuti mtumwi Petro aone.

M'matchalitchi athu mwambowo ukupitirira. Pakhoma pali mwala wolembedwa dzina la mlendo wolemekezeka amene anatsegulira nyumbayo. Pamsana pa mabenchi pali maina a mabanja amene anapereka matabwa, ndi penti yoyera, zilembo zikuluzikulu. Nsalu ya paguwa, ya mtanda ndi mphesa zopetedwa msoko umodziumodzi pa kuwala kwa nyali, imene mpingo wonse umaiyang'ana kuyambira nyimbo yoyamba mpaka mdalitso, mukafunsa mkulu wa mpingo kuti anapeta ndani, amakanda m'mutu n'kunena kuti ndi amayi.