Mpunga wa ku Kaporo Usabisike

Mpunga wa Kilombero wolimidwa ku Kaporo, m'boma la Karonga, umagulidwa mpaka ku Scotland. Koma munthu wa ku Lilongwe akaufuna pa intaneti, kodi amupeza bwanji wogulitsa? Google ndi makina, ndipo makina sakopeka ndi mawu okometsera malonda. Chofunika n'chakuti pa tsamba la wamalonda, dzina, malo, foni, nthawi yotsegulira ndi mtengo zilembedwe chilichonse ndi chizindikiro chake, motsata dongosolo la Schema.org limene Google, Microsoft ndi Yahoo anakhazikitsa mu 2011. Ntchitoyi siilira digiri. Aphunzitsi aiphunzitse, achinyamata otsiriza Folomu 4 aigwire, kuti wamalonda wa ku Kaporo asafanane ndi mbewa ya manyazi imene inafera kudzenje.