Magalasi a Zeiss ndi Makampani Aŵiri a ku Japan: Gawo Lachiŵiri

M'chaka cha 2002 kampani ya Kyocera inatulutsa Contax N Digital, kamera yosafuna filimu. Kachipangizo kake kolandira kuŵala, kamene amisiri amakatcha sensa, kanali ka mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, muyeso weniweni wa chithunzi cha filimu yakale. Magalasi ake anali ndi dzina lolemekezeka la Carl Zeiss wa ku Germany. Koma sensayo inali yogula kwa Philips, ndipo kuŵala kukachepa zithunzi zinali kutuluka ndi timadontho. Chaka chomwecho Canon inatulutsa EOS-1Ds, ojambula nakhamukira kumeneko. Mu 2005 Kyocera inalekeratu makamera a Contax.

Sony nayonso inapalana ubwenzi ndi Zeiss yemweyo, koma mathero ake anasiyana. Mu 2006 inatenga nthambi ya makamera ya Konica Minolta pamodzi ndi mkombero wolumikizira magalasi, kotero kuti eni magalasi a Minolta sanataye chuma chawo. Chachikulu koposa nchakuti Sony imadzipangira yokha sensa, chinthu chimene dzina la Zeiss, ngakhale litchuke chotani, silikanapatsa Kyocera. Alpha 900 inatuluka mu 2008. Mu 2013 kunabwera Alpha 7, yopepuka chifukwa inalibe kalilole m'kati. Pofika nthaŵiyo Nikon, mpikisani wake, anali atayamba kale kuika sensa za Sony m'makamera ake ena.